UKWATI WOPANDA ANKHOSWE: MIGWIRIZANO YA ZIPANI NDI KATANGALE M'DZIKO LATHU

Kalata ya Bungwe la Chilungamo ndi Mtendere kwa akhristu a ku Magomero ndi anthu onse akufuna kwabwino. Iwerengedwe m'matchalitchi ndi kukambidwa m'miphakati.

Okondedwa athu mwa Khristu,

MAWU OYAMBA

1. Tikukulemberani kalatayi chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chitadutsa, pamene cha 2030 chikadali patali. Tasankha dala nyengo imeneyi. Pa nthawi ya kampeni mawu a wansembe amamveka ngati akukometsera mbali ina, ndiponso makutu a anthu amakhala atadzaza ndi nyimbo za zipani. Tsopano magalimoto a zimkuzamawu adabwerera kutauni, nsalu zimene tidalandira zayamba kusuluka, ndipo tingathe kukhala pansi ngati banja limodzi nkuunika modekha momwe dziko lathu likuyendera.

2. Kuyambira mu 1994, pafupifupi chisankho chilichonse chakhala chikubwera ndi mgwirizano wa zipani, ndipo boma lililonse lakhala likuchoka litasiya mbiri ya katangale ndi ziphuphu. Ambiri mwa ife timaziona ziwirizi ngati nkhani zosiyana. Katangale timamutenga ngati matenda a chipani cholamula, mgwirizano wa zipani zotsutsa nkuutenga ngati mankhwala ake. Ife tikunena kuti nkhaniyi ndi imodzi. Pangano limene atsogoleri amapangana kuseri, anthu ovota osaona zimene zalembedwamo, ndilo khomo loyamba limene katangale amalowerapo m'boma latsopano. Munthu amene wakubisirani pangano asanalowe m'boma, adzakubisiraninso mabuku a chuma akadzalowa.

PHUNZIRO LA PANO PA MAGOMERO

3. Anthu a kuno sitifunika kupita patali kuti timvetse kuipa kwa pangano lotere. Mawu akuti thangata adali mawu abwino pakati pa makolo athu, onena za kuthandizana pa ntchito. Malo ano atasanduka esiteti ya A. L. Bruce, anthu ambiri, makamaka Alomwe ochokera ku Mozambique, adaloledwa kumanga ndi kulima pa pangano loti azigwira ntchito mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho. Koma buku lowerengera masiku lidali m'manja mwa mwini esiteti ndi akapitawo ake. Mwezi unkatalika monga mwinibuku wafunira, ndipo wolima adalibe pepala loti aloze ponena kuti tidapangana zakuti. Mawu a chithandizo adasanduka dzina la ukapolo.

4. Mathero ake tonse timawadziwa. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a mbusa John Chilembwe ochokera ku Mbombwe adafika pano nkupha William Jervis Livingstone, amene ankayang'anira esitetiyo. M'masiku omwewo mishoni ya Nguludi idatenthedwa, ndipo anthu ochuluka adaphedwa ndi boma la atsamunda pobwezera. Sitiyamikira kukhetsa mwazi kwa mbali iliyonse. Tikungokumbutsana kuti pangano limene buku lake lili ndi mbali imodzi yokha limabala kuponderezana, ndipo kuponderezana kukakhalitsa kumabala mkwiyo. Lero mawu akuti mgwirizano ali pangozi yoipitsidwa monga momwe adaipitsidwira mawu akuti thangata.

MGWIRIZANO PAWOKHA SI TCHIMO

5. Wina asatimve molakwa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo dziko limene mavoti ake amagawika potsata zigawo likusowa atsogoleri odziwa kugwirana manja. Chiyambire chigamulo cha khoti cha pa 3 Febuluwale 2020, wofuna kukhala mtsogoleri wa dziko ayenera kupeza mavoti oposa theka la onse oponyedwa. Lamulo limeneli ndi labwino, ndipo likutanthauza kuti migwirizano ipitirira kukhalapo. Choncho funso lathu ndi lakuti: akugwirizana pa chiyani, ndipo mboni zake ndani?

6. Kwathu kuno mnyamata ndi mtsikana akafuna kumanga banja, ankhoswe a mbali zonse ziwiri amakumana poyera. Mu Mpingo timalengeza ukwatiwo m'tchalitchi kuti wodziwa chopinga anene nthawi ikadalipo. Timatero chifukwa banja limakhudza ana amene adzabadwe ndi mudzi wonse, ndipo zinthu zikadzavuta pamafunika anthu okumbutsa awiriwo zimene adalonjezana. Anthu ongolowana usiku popanda ankhoswe amasiyananso popanda wowafunsa, ndipo amene amatsala m'mavuto ndi ana. Migwirizano yambiri ya zipani zathu yakhala yongolowana. Ana ake ndife.

TIKUMBUTSANE KUMENE TACHOKERA

7. Chisankho cha 1994 chitatha, chipani cha AFORD chidayamba chaima pamodzi ndi MCP kutsutsa boma la UDF. Chaka chomwecho chisanathe, mtsogoleri wake, malemu Chakufwa Chihana, adalowa m'boma, ndipo malamulo oyendetsera dziko adasinthidwa kuti pakhale mpando wa wachiwiri wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Mu 1996 a Chihana adatula pansi udindowo, akudandaula za katangale m'boma, koma nduna zina za chipani chawo zidakana kutuluka nawo. Mu 1999 AFORD idabwereranso ku MCP, a Chihana nkukhala otsatira a malemu Gwanda Chakuamba pa chisankho. Pofika pa 4 Julayi 2002, phungu wa AFORD yemweyo ndiye adabweretsa ku Nyumba ya Malamulo bilu yochotsa malire a nthawi imene mtsogoleri angalamulire dziko. Biluyo idagwa itapereweza mavoti atatu okha, mipingo ndi anthu wamba ataikana kolimba. Mu 2003 a Chihana adakhalanso pa mpando uja adausiya mu 1996. Palibe amene adafotokozera anthu ngati katangale amene adawatulutsa m'boma adali atatha.

8. Zimene zidachitika mu 2004 zimatikhudza ife a mipingo mwapadera. Atsogoleri a mipingo ndiwo adaitana zipani zotsutsa kuti zikambirane zoimika munthu mmodzi. Zokambiranazo zidabala Mgwirizano wa zipani zisanu ndi ziwiri, wotsogozedwa ndi a Chakuamba ndi malemu Aleke Banda. Koma MCP ya malemu John Tembo ndi NDA ya a Brown Mpinganjira zidaima pazokha, chifukwa panalibe wofuna kukhala pambuyo pa mnzake. Pa 20 Meyi 2004 malemu Bingu wa Mutharika adapambana ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse, pamene mavoti a Tembo ndi a Chakuamba kuwaphatikiza adaposa theka. Anthu adatuluka m'misewu ya Blantyre kukana zotsatirazo, ndipo ena adaphedwa ndi zipolopolo, kuphatikizapo mwana wamkazi wamng'ono ku Chilobwe. Mwezi usanathe, a Chakuamba adasaina pangano ndi chipani chomwe ankati chawabera mavoti. Amene adataya abale awo m'misewu sadafunsidwe maganizo.

9. Mu Febuluwale 2005 a Bingu adatuluka mu UDF nkuyambitsa DPP, aphungu ambiri nkuwatsatira. Kwa zaka zingapo Nyumba ya Malamulo idatha nthawi yake ikukangana za Gawo 65, bajeti ya dziko ikuchedwa. Kenaka mu 2009 tidaona a Bakili Muluzi ataima pa nsanja imodzi ndi a Tembo, amene boma lawo lomwe lidawaimba mlandu mu 1995 wokhudza imfa za nduna zitatu ndi phungu mmodzi ku Mwanza, mlandu umene khoti lidawapeza osalakwa. Kukhululukirana ndi chinthu choyera, ndipo Mpingo umakuphunzitsa tsiku ndi tsiku. Koma kukhululukirana koona kumayamba ndi kunena choonadi. Mthenga Wabwino wa Luka umasimbanso za Herode ndi Pilato, adani amene adayanjana tsiku limene Yesu ankaweruzidwa. Si chiyanjano chilichonse chimene chimachokera kwa Mulungu. Anthu sadakhutire ndi mgwirizano wa 2009, ndipo a Bingu adapambana ndi mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse.

10. Mgwirizano umene udanyamula chiyembekezo chachikulu koposa ndi wa Tonse, wa zipani zisanu ndi zinayi. Udabadwa anthu atayenda m'misewu miyezi yambiri kukana chisankho cha 2019, chimene khoti lidachithetsa. Pa 23 Juni 2020 a Lazarus Chakwera ndi malemu Saulos Chilima adapambana ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100 alionse. Tidalonjezedwa ntchito 1 miliyoni, kudya katatu pa tsiku, feteleza wa K4,495 ndi kutha kwa katangale. Malonjezo amenewa adanenedwa pa zimkuzamawu, koma pangano lenileni la atsogoleri awiriwo lidasungidwa m'kabati. Mu Julayi 2022 a Chilima adauza mtundu kuti panganolo linkati iwo ndiwo adzatsogolere mu 2025, ndipo akuluakulu a MCP adatsutsa. Anthu amene adavota analibe pepala loti aone wonena zoona. A Chilima ndi anzawo asanu ndi atatu adamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, mizimu yawo iuse mumtendere, ndipo mwezi wotsatira UTM idatuluka mu mgwirizanowo.

11. Mu 2025 DPP idalowa m'chisankho itagwirizana ndi AFORD. A Peter Mutharika adapambana ndi mavoti pafupifupi 57 pa 100 alionse, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho adasankha a Enoch Chihana kukhala pa mpando umene udakhazikitsidwira bambo awo zaka zoposa 30 zapitazo. Malamulo amalola zimenezi. Komabe muyeso umene tayezera migwirizano yam'mbuyo ndi womwewo umene tiyezere uwu ndi ina yonse ikubwera. Eni ake aike poyera zimene adapangana, kuti anthu adziwe chimene angayembekezere kupatula kugawana mipando.

MBIRI YA KATANGALE

12. Tsopano tiike mbiri ya katangale pambali pa mbiri ya migwirizanoyi. M'zaka za 2000 ndi 2001 chimanga choposa matani 160,000 cha m'nkhokwe za boma chidagulitsidwa, ndipo kumayambiriro kwa 2002 njala idapha anthu. Akuluakulu pakati panu mukukumbukira gaga ndi zitsa za nthochi zimene tidadya. Mu 2013, mkulu woona za bajeti ataomberedwa ndi mfuti mu Lilongwe, zidaululika kuti ndalama pafupifupi K24 biliyoni zidatuluka ku likulu la boma m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kulipira makampani amene sadagwire ntchito iliyonse. Maiko otithandiza adaimitsa thandizo lawo ku bajeti, ndipo ululu wake udamveka m'zipatala ndi m'sukulu. Mu 2018 lipoti la bungwe lothana ndi katangale la ACB lidaonetsa kuti K145 miliyoni yochokera kwa wamalonda wogulitsa zakudya ku polisi idalowa mu akaunti ya chipani cholamula cha DPP.

13. Boma la Tonse, limene lidalowa podzudzula zonsezi, silidachedwe kulemba mbiri yakeyake. Mu 2021 kafukufuku wa mabuku adapeza kuti gawo lina la K6.2 biliyoni yolimbanirana ndi matenda a Covid-19 lidasakazidwa. Mu 2022 K750 miliyoni ya feteleza idalipidwa ku kampani ya ku Britain yodziwika ndi malonda a nyama, ndipo nduna ya zaulimi idachotsedwa. Chaka chomwecho dzina la wamalonda Zuneth Sattar lidamveka pa makontirakiti a asilikali ndi apolisi, wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko adamangidwa mu Novembala, ndipo pa 6 Disembala apolisi adakagwira mbandakucha mayi Martha Chizuma, amene panthawiyo ankatsogolera ACB. Feteleza wotsika mtengo uja adayambadi pa K4,495, koma pofika 2022 adali pa K15,000, opindula nkumachepa chaka ndi chaka, ndipo pofika 2025 thumba la pa sitolo lidali litadutsa K100,000. Kuno ku Chiradzulu, kumene minda ndi yaing'ono ndipo nthaka idatopa, thumba la feteleza ndilo limalekanitsa banja lokolola ndi banja lopita kuganyu mu Januwale.

14. Sife oweruza, ndipo aliyense amene khoti silidamupeze wolakwa tiyenera kumutenga kuti ndi wosalakwa. Chodandaulitsa nchakuti milandu ya anthu akuluakulu imadzuka ndi kugona potsata nyengo ya ndale. A Sam Mpasu, nduna ya maphunziro ya 1994, adagamulidwa pa nkhani ya makope a Fieldyork mu 2008, patapita zaka 14, chipani chawo chili kunja kwa boma. Mlandu wa K1.7 biliyoni wa a Muluzi udakhala m'khoti zaka 14 mpaka udathetsedwa mu Meyi 2023 popanda chigamulo. Wa a Chilima udathetsedwanso mu Meyi 2024 ndi mkulu woimira boma pa milandu. Mlandu ukathera panjira chotere, woimbidwa mlandu amalandidwa mwayi woyeretsa dzina lake, ndipo mtundu umalandidwa choonadi. Pakali pano m'ndende zathu muli anthu amene akugwira ukaidi chifukwa cha mbuzi imodzi. Makolo adati mlandu suola, koma zikuoneka kuti mwambiwu udatsalira anthu osauka okha.

MOMWE PANGANO LOBISIKA LIMABALIRA KATANGALE

15. Njira yake njosavuta kuitsata. Pangano likakhala la mipando, mipandoyo iyenera kukwanira onse amene adasaina, abale awo ndi owatsatira. Nchifukwa chake nduna zimachuluka, alangizi amachuluka, ndipo maudindo a m'mabungwe a boma ndi ku maofesi a akazembe amaperekedwa ngati mphotho. Nduna 31 zimene zidasankhidwa mu Julayi 2020 zidadabwitsa anthu chifukwa mudali mwamuna ndi mkazi wake, komanso mlongo ndi mlongo wake. Munthu wolandira udindo ngati malipiro a kampeni amaona kuti ngongole yake ili kwa amene adamuika, ndipo amaiwala kuti malipiro ake amachokera ku msonkho wa mayi wogulitsa tomato pa Namadzi.

16. Pali wina amene sakwera pa nsanja koma amakhalapo pa pangano lililonse lotere, ndiye wopereka ndalama. Magalimoto a kampeni, nsalu, malaya ndi ndalama zogawa pa misonkhano sizigwa ngati mvula. Wamalonda amene wapereka mamiliyoni ku chipani amayembekezera kudzakolola, ndipo munda wake ndi makontirakiti a feteleza, mafuta, mankhwala ndi misewu. Ochenjera amathirira mbali zonse ziwiri kuti aliyense wopambana adzakhale wangongole wawo. Choncho nsalu imene mudalandira ulere mudzailipira kangapo pa tsiku limene mudzauzidwe kuchipatala kuti mankhwala kulibe, mukagule nokha.

17. Chomaliza ndi chete. Zipani zimene zalowa m'boma pamodzi zimadziwirana zinsinsi, ndipo chilichonse chimaopa kuulula cha chinzake poopa kuti chake chiululikanso. Kugwira nduna ya chipani chogwirizana nacho kumaoneka ngati kuswa ukwati, choncho fayilo imasungidwa mpaka tsiku lodzakangana. Otsutsa nawonso amadziwa kuti mdani wa lero akhoza kukhala bwenzi la chisankho chikubwerachi, ndiye amafuula pa msonkhano koma osatsata nkhani mpaka kumapeto. Mwa njira imeneyi milandu ya katangale imasanduka katundu wosinthanitsa pa zokambirana za migwirizano, ndipo chilungamo chimagulitsidwa ngati kaunjika.

TIYANKHE ZODZIKHULULUKIRA

18. Andale amati pangano liyenera kukhala lachinsinsi kuti adani asapezerepo mpata. Tikuwafunsa: mdani wake ndani? Ngati mwapangana zomanga zipatala, kuchepetsa nduna ndi kulanga akuba, palibe chochititsa manyazi, ndipo kuziulula kungakuonjezereni mavoti. Chimene munthu amabisa ndi chimene akudziwa kuti eni dziko sangachivomereze. Mpando wa mtsogoleri wa dziko si munda wa banja woti anthu awiri angalonjezane kusiyirana. Malamulo oyendetsera dziko lino amanena momveka kuti mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu, ndipo wolamula amangozisunga m'malo mwawo.

19. Ena mwa ife timati chachikulu nkuchotsa boma loipa, zina tidzaziona pambuyo. Maganizo amenewa ndiwo atipweteka kangapo. Mkwiyo umatha kugwetsa boma, koma sudziwa kumanga lina. Zipani zimene zalumikizidwa ndi chidani cha munthu mmodzi zimasowa chozigwirizanitsa munthuyo akachoka, ndipo chotsala ndi kulimbirana mphika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Enanso amati onse amaba, bola abe wakwathu. Awa ndi mawu a munthu wotaya mtima, ndipo mkhristu sayenera kuwalankhula. Wakuba wa mtundu wanu akaba ndalama za mankhwala, mwana wanu samachira chifukwa choti wakubayo amalankhula chinenero chanu. Komanso si zoona kuti onse amaba. Dziko lino lili ndi aphunzitsi, anamwino, oweruza ndi ogwira ntchito m'boma okhulupirika, ndipo timawanyoza tikamawaika m'thumba limodzi ndi mbala.

TIDZIUNIKE IFE ENI

20. Sitingaloze ena chala tisanadziyang'ane. Ife atsogoleri a mipingo tidalimbika mu 2004 kufunafuna munthu mmodzi woti aime, kuposa momwe tidalimbikira kufunsa zimene munthuyo adzachite akapambana ndi amene adzamukumbutse akadzaiwala. Tidakhala ankhoswe a tsiku la ukwati lokha. Nthawi zina talandira maenvelopu a andale pa zopereka za chitukuko cha tchalitchi osafunsa kumene ndalamazo zachokera, nkuwapatsa mipando ya kutsogolo ndi mwayi wolankhula kwa akhristu. Pakamwa pamene palandira chotere pamalemera pofuna kudzudzula. Pa zimenezi tikupempha chikhululukiro kwa Mulungu ndi kwa inu.

21. Inunso, abale ndi alongo, dzifunseni. Kangati tavina pofika munthu amene tikudziwa kuti chuma chake nchokayikitsa? Kangati tayesa phungu ndi mabokosi a maliro amene wagula, m'malo mwa malamulo amene wapanga ndi mafunso amene wafunsa boma? Phungu amene timamusenzetsa maliro onse ndi fizi yonse ya m'dera timamukankhira tokha kukasaka ndalama kumene sayenera. Achinyamata athu amapatsidwa mowa ndi ndalama zochepa kuti akasokoneze msonkhano wa chipani china, ndipo akavulala amene adawatuma sabwera kudzawazonda. Ndale zonyansa zimakula chifukwa zili ndi msika, ndipo ogula ake tili m'matchalitchi momwemuno.

ZIMENE TIKUPEMPHA

22. Kwa atsogoleri a zipani zonse, zolamula ndi zotsutsa, tikuti: pangano lililonse la mgwirizano lilembedwe, lisainidwe pamaso pa mboni, liperekedwe kwa mkulu wa kaundula wa zipani ndi ku bungwe loyendetsa zisankho, ndipo lifalitsidwe m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe ndi m'zinenero zina anthu asanavote. Linene chiwerengero cha nduna chimene simudzapitirira, momwe mudzachitire ndi nduna yoganiziridwa katangale, ndi chimene chidzachitike mgwirizano ukadzatha. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kale kugawa ndalama ndi katundu pofuna mavoti, ndipo limalamula zipani kuulula thandizo loyambira K1 miliyoni lochokera kwa munthu ndi K2 miliyoni lochokera ku kampani. Tsatirani lamulo limeneli, ndipo tiuzeni amene adalipira kampeni yanu.

23. Kwa aphungu tikuti: pangani lamulo lokakamiza zipani kuulula mapangano awo. Gawo 65 ligwire ntchito mosayang'ana nkhope. Bwezeretsani Gawo 64, limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wosawatumikira, ndipo lidachotsedwa mu 1995. Mu 2022 mudachita bwino kulola ACB kutengera milandu kukhoti popanda kudikira chilolezo cha mkulu woimira boma pa milandu. Tsopano onetsetsani kuti mlandu wa katangale ukathetsedwa, zifukwa zake zifotokozedwe kwa anthu onse momveka. Ndipo kwa amene adatenga chuma cha mtundu tikukumbutsa chitsanzo cha Zakeyo, amene kulapa kwake kudaoneka pobweza zimene adalanda. Kupepesa kopanda kubweza sikuchotsa tchimo la kuba.

24. Kwa inu akhristu tikuti: yambani lero, musadikire 2030. Mphakati uliwonse ukhale ndi kope lolembamo malonjezo amene phungu ndi khansala adapereka m'dera lanu, ndi tsiku limene adawanena. Buku lowerengera masiku likhale m'manja mwathu ulendo uno. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho muli ndi mphamvu yofunsa ku khonsolo kuti ndalama za chitukuko cha dera lanu zidabwera zingati, zidagwira ntchito yanji, ndipo kontirakiti adapatsidwa ndani. Funsani mwaulemu, molemba, ndiponso muli gulu. Safunsa adadya phula. Wina akadzabwera kudzakuuzani kuti zipani zagwirizana, mudzamupemphe kuti akuwerengereni panganolo musanaombe m'manja.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MIPHAKATI

25. (a) Kodi ndi malonjezo ati amene tidalandira m'dera lathu pa chisankho cha 2025, ndipo ndi ati amene ayamba kuoneka? (b) Kodi katangale amaoneka bwanji pafupi nafe: pa kalembera wa feteleza, pa thandizo la chakudya, pa milandu ya kwa mfumu, ngakhale pa chuma cha tchalitchi chathu? (c) Kodi tingathandizane bwanji kukana ndalama ndi katundu wogulira mavoti pamene m'nyumba muli njala? (d) Kodi ndi mfundo ziti zimene tikufuna kudzaziona m'pangano la zipani tisanalivomereze?

MAWU OTSIRIZA

26. Pa 8 Marichi 1992 kalata ya maepiskopi athu idawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika m'dziko muno, pa nthawi imene kulankhula kunali koika moyo pachiswe. Ena mwa ife tidali achinyamata m'seminale, ndipo tikukumbukira mantha ndi chimwemwe cha tsiku limenelo. Ufulu umene udatsatira sudabwere kuti anthu ochepa azisinthana mipando ndi kutetezana pa milandu. Udabwera kuti mlimi wa ku Magomero akhale ndi liwu pa kayendetsedwe ka dziko lake. Mpingo suuza munthu chipani choti avotere, ndipo kalatayi sikuteteza chipani chilichonse. Ikungokupemphani kuti mukhale ankhoswe a dziko lanu, amene amaona pangano lisanamangidwe ndipo sachoka ukwati ukayamba kuvuta.

Mulungu Mphambe, mwini chilungamo, aunikire atsogoleri athu ndi kutilimbitsa tonse mtima. Amayi Maria, Mfumukazi ya Mtendere, atipempherere ife ndi dziko lathu la Malawi.

Ine wanu mwa Khristu,

Wansembe Mlangizi,
m'malo mwa Bungwe la Chilungamo ndi Mtendere,
Magomero, Chiradzulu